Dzira la M'mawa ndi Nsapato za Malemu

Amuna anga ankadya dzira limodzi m'mawa uliwonse, lowiritsa koma losalimba. Ankafuna kuti choyera chake chigwirane, koma chachikasu cha m'kati chikhale chamadzimadzi, choti akaviikamo buledi chizidontha. Anatengera kwa bambo awo, amene anachoka ku Malawi kalekale kudzaphikira azungu kuno ku Lusaka. Anzawo a kufakitale ankawaseka kuti amadya dzira losapsa ngati njoka, iwo n'kumangoyankha kuti, "Munaionapo njoka ili pamzere kuchipatala?"

M'nyumba mwathu ku Matero munali wotchi ya pakhoma, koma inaima titangolowamo ndipo sitinaikonzetse. Nthawi ya dzira tinkaiyeza ndi nsapato. Madzi akabwata pa mbaula, ine ndinkatsitsiramo dzira ndi supuni n'kunena kuti, "Lalowa." Pamenepo iwo ankakhala pa sitepe ya khomo la kuseri n'kuyamba kupolisha nsapato zawo zakuda, yakumanzere poyamba, kenako yakumanja. Akamaliza ankagunditsa zidendene zake, kho kho, ine n'kuvuula dzira. Silinkalakwika. Ankaliimika pa kachidutswa ka paipi kamene anadula kuntchito n'kukasalaza bwino, n'kuliboola pamwamba, n'kuthiramo mchere ndi zala ziwiri.

Ine dzira ndinali ndisanalilawepo. Amayi anga anandilera ndi mawu oti mtsikana akadya mazira sabereka, ndipo ngakhale nditabereka mwana wanga wamkazi, n'kumulera, n'kumukwatitsa ku Kitwe, pakamwa panga panali patazolowera kukana.

"Talawani, amayi," ankatero amuna anga, supuni ili m'mwamba. "Kubereka munamaliza kale. Mukuopa chiyani?"

"Idyani nokha zachizungu zanuzo."

Kenako zinafika zaka zimene makampani ankagulitsidwa. Tsiku lina amuna anga anabwera dzuwa lili pamutu, ovololo yawo ili m'pepala la pulasitiki, ndipo sindinafunse. Mumsewu wathu abambo ambiri anali atabwera kale masana choncho. Zinthu zinayamba kuchoka patebulo chimodzichimodzi. Majarini anapita, mkaka unapita, shuga tinayamba kugula wa m'timapepala. Buledi ankabwera ngati mlendo. Dzira lokha linatsala, chifukwa nkhuku zinali zanga, m'khola limene ndinamanga ndekha kuseri ndi malata akale, ndipo zinkadya gaga ndi masamba otaya a kumsika.

Amuna anga sanasiye kupolisha nsapato. Ankadya dzira lawo, n'kuvala, n'kuyenda wapansi mpaka ku mafakitale kukaima pa mageti kudikira ganyu. Polishi atatha, ankasinja makala n'kusakaniza ndi phula la kandulo. Chifuwa chitawagwira, dzira ndi chokhacho chimene chinkatsika pakhosi. Ndinadziwa kuti matenda akula dzira litayamba kutuluka lolimba. Manja awo anali atachedwa. Ankapukuta pang'ono, n'kupuma, n'kutsokomola, bulashi ili pamwendo. Ndinayamba kumalivuula mwakachetechete iwo asanamalize, n'kulibisa m'mbale ya madzi ofunda, kudikira kho kho. Sindikudziwa ngati anazindikira. Anamwalira mvula isanayambe.

Maliro atatha anthu anabalalika. Mwana wanga anabwerera kwa mwamuna wake, tenti ya mpingo inapasulidwa. Amene anatsala ndi alamu anga, alongo awo aakulu a malemu, amene ankachita lendi kachipinda kamodzi ku komboni ya George. Anabwera kumaliro ndi chikwama chachikulu kuposa cha munthu wongodzalira. Ndinachiona, koma mutu wanga nthawi imeneyo sunkagwira.

"Alamu," anatero atandikhazika pamphasa, "mwambo mukuudziwa. Mpaka amalume abwere kuchokera kumudzi adzakusudzuleni, poto simugwira, moto simukoleza, mchere simukhudza. Muli ndi imfa m'manja. Mukathira mchere m'chakudya, wodyayo adulidwa, atupa miyendo, atsokomola mpaka kumutsatira mlongo wangayo. Ine ndikhala pano ndizikuphikirani."

Ndinavomera. Amayi anga anachita zomwezo bambo atamwalira, ndipo ine ndinkakhulupirira. Kwa iwo zinatenga masabata ochepa, akuchimuna anabwera, anagawa zovala za malemu, anawauza kuti amasuka, moyo n'kupitirira. Ndinkaganiza kuti ndi momwe zikhalirenso kwa ine. Zovala za amuna anga ndi nsapato zija alamu anazimanga m'chitenje n'kuziika pamwamba pa wadiropu, kuti zidikire amalume. Bedi anagonapo iwo. Ine ndinapita pamphasa pabalaza, ndi mbale yanga yangayanga ndi kapu yobenthuka pamlomo.

Masiku oyamba kunali ngati kupuma. Munthu wofedwa safuna kuganiza za ndiwo. Koma amalume sankabwera. Poyamba uthenga unati ya basi yasowa. Kenako unati mvula yagwa, akudzala. Kenako unati adikire akolole, agulitse mtedza.

Mazira anga anapeza mwini watsopano. Nkhuku ikangotetera, alamu ali kale pakhola. Ankawasonkhanitsa n'kuwawiritsa mumpoto waukulu mpaka m'kati mwake muchite mdima ngati diso lomenyedwa, n'kuwaika m'beseni, ndi kabotolo ka mchere wosakaniza ndi tsabola, kukagulitsa pa siteji ya minibasi. Ankachoka m'mawa kwambiri kuti apeze anthu opita kutauni. Asanachoke ankazimitsa mbaula ndi madzi kuti makala asapse pachabe. Ine ndinkatsala ndi mbaula yonyowa, ndi mpopi wanga pabwalo, ndi mapoto anga pa shelefu, kudikira kuti abwerere masana adzandiphikire. Njala ya m'mawa ndinkaidziwa kale, si imene inkandipweteka. Chimene chinkandipweteka ndi kukhala pa sitepe ija manja ali pamwendo, ndikuyang'ana mapoto amene ndinawakwecha moyo wanga wonse akuda kunsi tsiku ndi tsiku.

Sindinganame kuti alamu anali munthu woipa. Ankandidyetsa, ndipo ankandisiyira nsomba yaikulu m'mbale. Iwonso anafedwa kale, anakhala pamphasa kupitirira chaka, ndipo ankazinena ngati munthu wonena za sukulu imene anakhoza bwino. Komanso kachipinda kawo ka ku George kankadontha, madzi ankatunga kutali, chimbudzi chinali cha mabanja ambiri. Ndikanakhala iwo, mwina nanenso sindikanafulumira kuwakumbutsa amalume.

Aneba athu a kuseri, mayi wogulitsa makala, wa mpingo wina wa kuwomba m'manja ndi kupemphera mokuwa, ankandipatsira tiyi pamwamba pa mpanda alamu akachoka.

"Imwe ba neba," ankatero, "muzafa na njala mu nyumba yanu? Vinthu ivi ni va kumunzi. Bwelani ku chechi kwathu, ba pasita bazakusanjikani manja, vonse vizatha."

"Zikomo, aneba. Ndidikira."

"Muzadikila mpaka nkhuku zanu zikakalambe."

Sindinapite. Mumtima ndinkati, kuno ndikudikira mwamuna wa kumudzi andimasule, uko ndikagwade kwa mwamuna wa tayi andimasule. 

Tsiku lina masana kunabwera bambo wina wa kumudzi kwawo kwa alamu, amene ankabweretsa matumba a mtedza kudzagulitsa m'tauni. Anakhala pa mpando, anavula chipewa, n'kunena kuti amalume aja anamwalira, ndipo anaikidwa mwezi watha. Alamu analira kwambiri, ndipo kulira kwake kunali koona. Nanenso ndinalira nawo. Mlendoyo atapita, ndinadikira apukute nkhope.

"Nanga ine, alamu?"

"Inu chiyani?"

"Wondisudzula ndi ndani tsopano?"

"Banja likhala pansi lisankhe wina. Koma alamu, mungafunse zimenezo mtembo usanazizire?"

"Akuti anaikidwa mwezi watha. Unazizira."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Mwina ndinawatukwanadi. Koma zaka zimenezo maliro anali paliponse. Msewu wathu wokha Loweruka lililonse lole inkaima pakhomo lina. Wosankhidwayo naye akanatha kufa asanapeze ya basi, banja n'kukhalanso pansi, ine ndili pamphasa ndi kapu yobenthuka mpaka imvi.

M'mawa mwake ndinadzuka alamu asanatuluke kuchipinda. Thadzi lamawangamawanga linali litaikira kale. Ndinalowetsa dzanja pansi pake n'kutenga dzira likadali lofunda. Ndinathira makala mu mbaula, ndinayatsa ndi pepala, ndinapemerera ndi chivundikiro. Manja anali atafewa, kakhala kotentha kanandiwotcha chala, ndipo ndinasangalala nako. Ndinatenga kapoto kakang'ono kaja, ndinatunga madzi pampopi, ndinateleka.

Madzi atayamba kulira m'pamene ndinakumbukira kuti sindikudziwa nthawi. Zaka zonse zimene ndinaphika dzira limeneli sindinawerengepo kanthu. Ndinkangomvera kho kho.

Ndinalowa kuchipinda osagogoda. Alamu anali akumanga duku. Ndinakoka kampando, ndinakwerapo, ndinatsitsa mtolo uja.

"Alamu! Mukuchita chiyani?"

"Ndikutenga nsapato za amuna anga."

"Katundu ameneyo ndi wa banja. Sagwiridwa."

"Ndamugwira."

Anamva fungo la utsi. Ananditsatira mpaka pakhomo la kuseri, anaona mbaula ikuyaka ndi poto pamwamba, n'kugwira mutu ndi manja onse.

"Mayo ine! Bwerani mudzaone, anthuni! Mkazi wa mlongo wanga wapenga!"

Ndinatsitsira dzira m'madzi ndi supuni. "Lalowa," ndinatero, ngakhale panalibe womuuza. Ndinakhala pa sitepe, ndinatsegula kachitini ka makala ndi phula kamene amuna anga anasiya, ndinatenga nsapato yakumanzere.

Dzanja langa ndi lofulumira, linazolowera kupolisha pansi. Ndinadziwa kuti ndikapita ndi liwiro langa dzira lituluka laliwisi. Ndiye ndinachita monga iwo ankachitira ali bwino. Kuchotsa fumbi ndi kansanza, m'mbali monse mpaka kuchidendene. Kupaka ndi chala chokulunga. Kulavulira pang'ono kumphuno kwa nsapato. Kupukuta ndi bulashi, osathamanga, kenako kuikweza m'mwamba kuiyang'ana padzuwa, mutu utapendeka. Sindinkadziwa kuti zonsezi ndinazisunga. M'kati mwa nsapato munali mukadali malo a chala chawo chachikulu.

Anthu anali atayamba kusuzumira pa mpanda. Amayi opita kumsika anaima ndi madengu awo pamutu.

"Taonani," alamu ankawauza, "akupolisha nsapato za munthu wakufa! Akupita nazo kuti? Kumanda kuli ofesi?"

Ena anaseka. Aneba a makala anatulutsa mutu pamwamba pa mpanda.

"Basiyeni, ba mayo. Ni nyumba yao, ni nkhuku yao. Imwe munabwela na nkhuku pano?"

"Inu khalani chete, si za mtundu wanu izi!"

Ndinamaliza yakumanja. Ndinagunditsa zidendene, kho kho. Ndinavuula dzira. Kapaipi kaja kanali pawindo, alamu ankasungiramo machesi. Ndinakhuthula machesiwo, ndinaimikapo dzira, ndinaliboola pamwamba ndi supuni. Choyera chinali chitagwirana, chachikasu chikunjenjemera. Linali ndendende.

Unatsala mchere. Alamu anaona kumene maso anga apita, anathamanga, anatenga chitini cha mchere pa shelefu n'kuchikumbatira pachifuwa.

"Uwu ayi. Moto mwakoleza, chabwino, tidzakonza. Koma mukagwira mcherewu, ine ndidya chiyani m'nyumba muno?"

"Patseni mchere wanga, alamu."

"Mukufuna kundipha? Mwamaliza mlongo wanga, tsopano ine?"

Mawu amenewo akanapanda kuwanena, mwina ndikanapempha mchere kwa aneba. Ndinaimirira. Chitini chinalibe chivundikiro. Ndinalowetsamo dzanja lonse chili pachifuwa pawo pomwepo, mpaka zala zinafika pansi. Anachisiya ngati chatentha. Ndinachiwakha, ndinachibwezera pa shelefu, ndinabwerera pa sitepe ndi mchere pakati pa zala ziwiri.

Ndiyenera kunena zoona za dzira limenelo. Silinandikomere ngakhale pang'ono. Linali lofunda, loterera, lonunkha nkhuku, ndipo linkakana kutsika. Mumtima ndinati, bambo inu, ndi zimenezi zimene munkazitama zaka zonsezi? Koma pampanda panali maso, ndipo alamu anali ataima pakhomo kudikira kuti ndisanze. Ndinameza. Ndinawonjezera mchere. Ndinapala chigoba ndi supuni mpaka m'kati munayera, n'kuchiponyera nkhuku.

"Vili bwanji, ba neba?" anafunsa aneba.

"N'zoipa," ndinatero. "Mawa ndidyanso."

Tsiku limenelo ndinatsitsa mapoto onse n'kuwakwecha ndi mchenga pampopi, limodzi ndi mpoto waukulu wowiritsira mazira a pa siteji. Ndinatsuka mbale zonse ndi makapu onse. Kapu yobenthuka ija ndinakaiika m'khola kuti nkhuku zizimweramo. Mphasa ndinaipinda. Madzulo ndinaphika ndiwo, ndinathira mchere, ndinapakula mbale ziwiri.

Alamu sanadye. Sakanatha. Zimene anandiuza ankazikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo tsopano munalibe chiwiya m'nyumba chimene manja anga sanachigwire. Anagula zitumbuwa pamsewu n'kudyera panja. Mawa lake anabwereka kapoto kwa mayi wina wa mumsewu, n'kumaphika pa mafuwa kuseri kwa chimbudzi, mchere wawo ataumangirira pangodya ya chitenje. Bedi anandisiyira okha. M'mawa uliwonse ndikamapolisha nsapato ankaima chapatali, maso ali pa miyendo yanga.

"Yandikirani muone bwino, alamu," ndinkatero ndikukweza chitenje mpaka m'mawondo. "Yatupa?"

"Sekani. Sizibwera tsiku limodzi."

Ndinkaseka pamaso pawo, koma posamba ndinkadina akakolo ndi chala kuona ngati palowa. Tsiku lina utsi unanditsamwitsa, ndinatsokomola, mtima unagunda mpaka ndinakhala pansi. Mantha amene amayi ako anakuika sachoka chifukwa wakwiya. Ndinkangodzuka nawo, n'kukoleza moto nawo.

Mvula itabwerera, mafuwa aja ananyowa. Alamu anapirira masiku angapo, kenako m'mawa wina ndinapeza chikwama chachikulu chija chili pakhomo, beseni pamwamba pake.

"Ndikupita kwanga," anatero. "Sindingakhale m'nyumba yopanda mwambo. Banja lidzamva zonse."

"Mukawapatse moni."

"Nsapatozo ndi za banja."

"Amene adzasankhidwe adzabwere kudzatenga. Adzandipeza pompano, ndidzamuphikira tiyi."

Anasenza chikwama, anayenda mpaka pakhola, n'kuima. Nkhuku zinali zitaikira, ndipo mazira ndinali nditawasonkhanitsa m'mbale pawindo. Anawayang'ana nthawi yaitali. Beseni lawo linali lopanda kanthu, ndipo ku George kunalibe chowadikira.

"Nanga mazirawo?" anafunsa, osandiyang'ana.

"Ndawagwira ndi manja angawa, alamu."

Anaganiza pang'ono, milomo ikuyenda.

"Dzira lili ndi chigoba chake," anatero. "Sizilowa."

Sindinaseke, ngakhale aneba kuseri kwa mpanda anaseka mpaka kutsokomola. Ndinayala nsanza m'beseni, ndinaikamo mazira onse kupatula limodzi. Ndinagwira msoti umodzi, ndinaumanga miyendo, ndinawapatsa. Anaulandira osanena kuti nthenga nazo ndi chigoba. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pa siteji, ndipo kondakitala atafuna kuti nkhuku ilipire mpando, tinamukalipira tonse awiri.

Palibe amene anabwera kudzandisudzula. Kumpingo kwathu amayi ena anakhala nthawi osadya chakudya changa. Pa maliro ndi pa misonkhano poto wanga ankamuika kumapeto, n'kubwerera wodzadza. Ndinkamusenza kupita naye kunyumba, n'kudya ndi aneba. Kenako njala inakula kuposa mantha, ndipo poto anayamba kubwerera wopalidwa. Alamu anapitiriza kubwera mwezi ndi mwezi kudzatenga mazira. Ankakhala pa mpando panja, tiyi ankakana. Anayamba kumwa patapita zaka, wopanda chodyera.

Mwana wanga anandigulira foni yokhala ndi wotchi, ndipo anandionetsa pamene ndingadine kuti izilira dzira likapsa. Ili m'kabati. Nsapato zija zinang'ambika m'mapindiko, yakumanja inasiya chidendene ndipo ndinakakhometsa kwa wosoka nsapato pamsika, amene anandifunsa kuti eni ake bwanji sabwera okha. Masiku ano manja anga nawo ayamba kuchedwa, ndiye ndimadumpha kulavulira ndi kuyang'ana padzuwa kuti dzira lisalimbe. Ndinalizolowera. Ndimathira mchere wambiri kuposa mmene amuna anga ankathirira.